Zomveka mu Blantyre: ya Okutobala ikafike bwanji Januwale?

Dzuwa la Okutobala likayamba kuwotcha malata a ku Ndirande, nkhani za m'tauni zimasintha. Za Maule ndi Manoma sizitheratu, koma masiku ano sizikuchedwa. Anthu akangotsutsana pang'ono za chigoli cha Lamlungu, wina amausa moyo n'kufunsa kuti thumba la feteleza lafika pati, ndipo nthawi yomweyo a Maule ndi a Manoma amayamba kumvana. Kuyambira ku Chirimba mpaka ku Bangwe, ku Chilomoni mpaka ku Machinjiri, aliyense akuwerengera pa zala. Miyezi itatu yotsiriza chaka imafuna zambiri nthawi imodzi: mphatso ya anakubala, feteleza wa kumudzi, maukwati a Loweruka lililonse, denga lodontha, ngongole ya kubanki m'khonde, mpunga wa Khirisimasi, ndiyeno fizi ya Januwale. Malipiro ndi omwe aja, geni ndi yomwe ija. Nazi zimene zikumveka.

Mu minibasi ya ku Limbe

Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo mkangano wake umayambira mu minibasi tsikulo lidakali kutali. Magulu alipo atatu. A chitenje akuti mayi safuna zambiri, amangofuna choti akavala kutchalitchi anzawo afunse kumene chachokera, iwo ayankhe kuti ndi mwana wanga wa ku Blantyre uja. A foni akuti ingotumizani ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba mayi akasankhe okha, bola musaiwale kuikapo yotapira. Gulu lachitatu, limene limakonda mpando wakumbuyo ndipo limalankhula mofatsa, likuti mayi wa kumudzi mutawafunsa bwinobwino angakuuzeni kuti zitenje ali nazo, chimene chikuwasowetsa tulo ndi mbewu ndi feteleza.

Chimene chimaseketsa minibasi yonse ndi kuwerenga anakubalawo. Bambo amayamba ndi mayi ake omubala. Akazi awo amawakumbutsa kuti apongozi nawonso anabala. Kenako pali azakhali amene analipira fizi ya ku sekondale, agogo amene analera, ndi mayi a kunyumba eni ake, amene akuti ana anayi awa sanagwe kumwamba. Zitenje zakwana zisanu. Pali lamulo limodzi limene amuna onse amaligwedezera mutu: cha mayi ako ndi cha apongozi zifanane mtengo, chifukwa tsiku lina adzakumana pa chinkhoswe, ndipo azimayi amadziwa mtengo wa nsalu pongoigwira. Kondakitala naye amalowerera ndi mwambi woti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, mpaka mayi wina kumbuyo amvekere, "Zoona zimenezo achimwene, koma chenji changa."

Palibe amene akuti tsikuli lichotsedwe. Chimene ambiri akugwirizana n'choti ana a bere limodzi asonkherane, mphatso ikhale imodzi yooneka, kusiyana ndi kuti aliyense atumize kake kochepa kamene theka lake lithera potapa.

Foni yochokera kumudzi

Anthu ambiri a mu Blantyre ali ndi munda kwinakwake, ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Balaka kapena ku Ntcheu. Chizimalupsa chikangowaza, foni imalira kamodzi n'kudula. Kufulasha kwa nyengo ino sikufuna womasulira: mizere yatha, tikudikira inu.

Feteleza ndi wa mitundu iwiri, wokulitsa ndi wobereketsa, m'matumba a makilogalamu 50. Amachokera kunja, wambiri kudzera ku madoko a Beira ndi Nacala, n'chifukwa chake mtengo wake umatsata dola. Pa nkhani imeneyi anthu saiwala Novembala wa 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amene anagula matumba awo mu Okutobala chaka chimenecho mpaka lero amayenda mowongoka, ndipo nkhaniyo amaifotokoza ngakhale osafunsidwa. Amene anati tidikire malipiro a mwezi wamawa amangoyang'ana pansi, koma chaka chino ndi amene ayamba kufunsa mitengo.

Za feteleza wotsika mtengo wa boma nazo sizitha. Makuponi anayamba mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2020 kunabwera AIP, yogula ndi chiphaso cha unzika. Chaka chilichonse funso limakhala loti dzina la mayi latuluka kapena ayi. Odziwa akuti likatuluka thokozani, koma musamange bajeti pa dzina lisanatuluke.

M'maofesi, amuna ovala tayi amene khasu analigwira komaliza ali Sitandade 8 akutsutsana za kapangidwe ka Mbeya: ndowe zouma, madeya, phulusa, feteleza pang'ono wogula, kuwaza madzi, kumanga m'thumba losalowa mpweya masabata atatu. Aliyense ali ndi muyeso wake, ndipo aliyense akuti wakewo ndiwo anamva kwa alangizi. Kuseka kulipo, koma nzeruyo ndi yeniyeni, chifukwa thumba limodzi logula limafalikira munda wokulirapo.

Mkangano waukulu ndi woti kumudzi kupite ndalama kapena thumba lenileni. Amene anatumizapo ya matumba awiri, n'kukapeza mu Febuluwale chimanga chachikasu cholekeza m'mawondo, akuti thumba likwere basi pa Wenela. Ena akuti kumeneko n'kuweruza abale mopanda chifundo: munthu sangaone ana akugona ndi njala ndalama ya feteleza ili pa mfundo ya chitenje. Onse awiri akunena zoona, ndipo yankho lili pakati pawo. Wotumiza feteleza atumizenso kangachepe ka ufa ndi ka aganyu, apo ayi thumba limodzi lipita kwa mavenda.

Kuchigayo

Kuchigayo palibe amene amalankhula motsitsa, makina salola, choncho zinsinsi za ufa zimamveka mpaka kumsewu. Azimayi agawikana pawiri. Ena anagula chimanga mu Meyi ndi Juni, chitangochoka kumunda mtengo uli pansi. Ena akugula ndowa imodzi imodzi, ndipo sabata iliyonse wogulitsa akuwauza kuti cha lero si cha dzulo. Aliyense akudziwa kuti mtengo umakwera chaka chikamatha n'kukafika pamwamba mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, chatsopano chisanache. Akukumbukiranso 2024, pamene El Niño anaumitsa minda ndipo boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kuchokera pamenepo, amene ali ndi matumba atatu pakona amagona tulo tabwino kuposa amene ali ndi foni yatsopano.

Koma osungawo ali ndi adani awo, anankafumbwe. Wina akuti anathira mankhwala, wina akuti iye amadalira matumba a PICS, amene amapha tizilombo pozisowetsa mpweya, bola khoswe kapena mwana wofuna kudziwa zam'kati asawaboole. Wina akuti anadziwa kuti zavuta atamva thumba likulankhula lokha usiku, ndipo chigayo chonse chimaseka chifukwa phokosolo aliyense analimvapo.

Nkhondo ya mgaiwa ndi ufa woyera ikupitirira. Abambo akuti mgaiwa umawakumbutsa kusukulu yogonera komweko. Amayi akuti chimanga chikakonoledwa gawo lina limapita ku madeya ndipo thumba silichedwa kutha, ndiye kuyambira Novembala nyumba idya mgaiwa, woyera udzaoneka pa Khirisimasi. Akuwonjezera kuti ngakhale kusikelo amayamikira mgaiwa, ndipo pamenepo abambo amasowa choyankha. Amene samusekako ndi wogula wokumani, kajumbo ka ufa wa usiku umodzi. Onse akudziwa kuti kugula kotero ndiko kodula kuposa konse, koma waganyu amene walandira ya lero yokha alibe njira ina.

Za ndiwo, Novembala ndi mwezi umene nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndiye pamsika wa Limbe chambo chimangowonedwa ndi maso. Bonya, nyemba, nyama ya soya ndi mfutso ndi zimene zikugwira mabanja. Chotonthoza n'choti mvula ikagwa, ngumbi zimatuluka, bowa amamera, bonongwe ndi chisoso zimadzibzala zokha, ndipo mango akapsa ana amaiwala kufunsa za buledi. Koma mvula yomweyo imanyowetsa makala ndi kuteretsa njira za njinga, choncho amene ali ndi mbaula akulangizana kuti thumba ligulidwe mitambo isanade.

Makadi a Loweruka

Nyengo yadzuwa ndi ya maukwati, aliyense akufuna kumanga woyera mvula isanasokoneze. Kale khadi linkabwera pamanja. Lero munthu amangodzuka n'kupeza amuika mu gulu la WhatsApp la komiti ya ukwati, dzina lake lili kale pa mndandanda wa malonjezo. Ndipo ukwati umodzi sukhala tsiku limodzi. Pali chinkhoswe, pali bridal shower, pena send-off, kenako ukwati weniweni, chilichonse ndi nsalu yake ya yunifolomu ndi ndalama yake ya telala.

Pa perekaniperekani pali luso. Munthu amapita pa tebulo la makashiya ndi K5,000 imodzi, ija ya nkhope ya Kamuzu imene inatuluka mu 2022, n'kuisinthitsa ma K50 ndi ma K100 kuti avine nyimbo yonse akuponya. Woyendetsa mwambo naye amaidziwa ntchito yake. Amaitana akuchimuna, akuchikazi, akuntchito, akumpingo, akwaya, amene anaphunzira ndi mkwati, ovala zofiira, obwera pagalimoto, obwera wapansi. Munthu mmodzi amapezeka m'magulu asanu, ndipo madzulo akubwerera kwawo wapansi chifukwa ya kabaza anaiponya pa gulu la ovala zofiira. Azimayi ozolowera akuti mankhwala ake ndi osavuta: kuholo tengani yokhayo imene mwakonza kuponya, ya transipoti imangidwe payokha ndipo isamasulidwe ngakhale nyimbo ikome bwanji.

Akuluakulu sakuletsa kufupa. Akuti kupatsa n'kuika, ndipo amene amavina pa ukwati wa ana a anzake, pa wa mwana wake holo siikhala yozizira. Koma akukumbutsa kuti ukwati umatumiza khadi, pamene maliro ndi matenda satumiza. Chakudza sichiimba ng'oma. Chipepeso, ulendo wadzidzidzi wa kumudzi, mankhwala a mwana amene wagwidwa malungo mvula itayamba, zonsezi zimafuna ndalama imene inalipo kale. Ya maukwati iikidwe malire, ya zadzidzidzi isakhudzidwe.

Pakhonde

Mayi wa mu Blantyre amene sali mu banki m'khonde ndi wosowa. Kasungidwe kameneka kanayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo kuno kanakhazikika moti ambiri amaganiza kuti kanayambira pakhonde la anansi awo. Chaka chonse azimayi amagula masheya sabata ndi sabata, kubwerekana, kubweza ndi chiwongoladzanja, kulipira chindapusa akachedwa kumsonkhano, ndi kuponya pang'ono m'thumba la mavuto. Magulu ambiri amagawana mu Disembala. Koma kugawana kusanafike pali Novembala, mwezi wobweza.

Mu Novembala njira za m'makwalala zimasintha. Amene ali ndi ngongole amayamba kukatunga madzi ku kiyosiki yakutali. Mafoni ambiri akuti agwera m'madzi. Ana aphunzitsidwa zoyankha msungichuma akagogoda, koma ana ndi ana, amakatula zonse: "Amayi akuti ndinene kuti apita kumudzi." Nkhani imeneyi imanenedwa ku Mbayani, ku Zingwangwa ndi ku Bangwe, ndipo kulikonse amalumbira kuti inachitikira kwawo.

Kuseri kwa kusekako kuli misozi. Alipo amene amabwereka ku banki yachiwiri kuti abweze yoyamba, n'kupita ku yachitatu kuti abweze yachiwiri, mpaka tsiku limene gulu limabwera kudzanyamula matiresi, mapoto ndi wailesi ya kanema, mwamuna osadziwa kuti m'nyumba munali ngongole. Mabanja ena agwedezeka nazo, ndipo ena athawa m'dera. Amayi amene akhala m'magulu zaka zambiri akulangiza atsikana kuti: mwana wanga, bwereka ya geni, usabwereke ya phwando, usalowe mabanki ambiri, ndipo bambo a kunyumba adziwe.

Abambowo ndiye akusangalatsa. Chaka chonse ankati banki m'khonde ndi gulu la miseche. Sabata yogawana ikayandikira, bambo ayamba kudzuka m'mawa kuyatsa mbaula, kufunsa ngati mayi agona bwino, ngakhale kuwaperekeza kumsonkhano atawagwirira ambulera. Azimayi akuti ulemuwo aulandira ndi manja awiri, koma ndalamayo ili kale ndi kopita: fizi, malata awiri, mpamba wa geni ya Januwale, ndipo yotsala ndiyo ya mpunga.

Amene alibe gulu kapena chipereganyu amathera kwa akatapila. Ena amafuna theka pamwamba, wabwereka K50,000 ubweze K75,000 mwezi ukatha, khadi la kubanki likhale kwa mwini ndalama. Pa nkhani iyi tauni yonse ikulankhula chimodzi: Khirisimasi ya katapila imalipiridwa mpaka Isitala.

Pabawo

Pansi pa mtengo, pamene nkhomo zikulira m'maenje, amuna akukamba za munthu mmodzi amene onse amamuopa, General January. M'malo ambiri antchito malipiro a Disembala amatuluka Khirisimasi isanafike. Anyamata akuti chimenecho ndi chifundo cha abwana. Madala akuti tiyeni tiwerenge: ukalandira pa 20 Disembala, ena udzawaona kumapeto kwa Januwale, patadutsa masiku 40. Ndalama ya masiku 30 iyende masiku 40, pakati pake pali zikondwerero ziwiri. Apa mnyamata amaiwala kuti ndi nthawi yake yosewera.

Ndiye pali sukulu. Chaka cha maphunziro chimayamba mu Seputembala, ndipo teremu yachiwiri imatsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale, mabotolo a pa Nyuwere asanabwezedwe kugolosale. Pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira 1994, koma yunifolomu, makope ndi nsapato sizaulere. Amene ana awo ali ku sukulu zolipira kapena zogonera komweko akuwerengera fizi, sopo, shuga, chiponde ndi ya basi. Mu Januwale ndi mmene mbuzi, njinga ndi mafoni zimatsika mtengo, chifukwa ogulitsa ndi ambiri ndipo onse akufulumira.

Alendi ndi alandilodi nawo ali pa mkangano wawo wa chaka ndi chaka. Alendi akuti denga likudontha, lendi idikire mpaka likonzedwe. Alandilodi akuti ndikonza ndi chiyani inu musanalipire. Pakadali pano mabeseni aikidwa kale m'malo ake odziwika. Ena apeza njira yabwino, yogwirizana kuti wa lendi agule misomali ndi phula, ndalamayo ichotsedwe pa lendi, zonse zilembedwe. Koma za mvula yeniyeni sizisekedwa mu Blantyre kuyambira Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Kukumba ngalande ndi kulimbitsa khoma tsopano zili pa bajeti ya ambiri, ndipo palibe amene akutsutsa.

Nzeru imene ikuyamikiridwa pabawo ndi ya tsiku lolandira. Madala akuti ndalama ikangolowa, lendi ya Januwale iperekedwe, fizi ikalipiridwe kubanki ngakhale theka, mayunitsi a magetsi agulidwe, zonsezi munthu asanadutse pamalo omwera. Anyamata akuti alandilodi adzadabwa. Madala akuti adabwe, kudabwa kwa alandilodi sikunaphepo munthu.

Pa Wenela ndi pa kaunjika

Disembala ikalowa, maso a mabanja ambiri amakhala pa mabasi ochokera ku Joni, amene amalowa pa chipata cha Mwanza atasenza zikwama, mabulangete ndi zidebe za mafuta ophikira. Nyumba imene ili ndi mwana ku Johannesburg kapena ku Cape Town imaoneka ngati yapulumuka, ndipo uthenga wa Mukuru ukalowa anansi amadziwira pa fungo la kukhitchini. Koma amene anakhalako akuti abale anga, kumenekonso kuli lendi, kuli kuzizira, kuli kuthamangitsidwa, ndipo mnyamata amene akutumiza randi mwina akugona anayi chipinda chimodzi. Akuti zikabwera tilandire mothokoza, koma kukongola pogolosale podalira kuti achimwene atumiza ndiko kumadanitsa abale.

Pa kaunjika ku Limbe, belo ikamatsegulidwa m'mamawa, azimayi amene pamaliro amayenda pang'onopang'ono amaonetsa liwiro lina. Zovala za ana za Khirisimasi zikugulidwa panopa, chifukwa pofika pa 20 Disembala kadiresi komweko kadzakhala katavala mtengo wina. Ochenjera akugula nsapato zakuda, mwana adzanyadire nazo pa 25, adzapite nazo kusukulu mu Januwale, ndipo zikhale zokulirapo pang'ono kuti zimudikire. Atelala apakhonde alandira nsalu zoposa mphamvu ya makina awo, ndipo yankho lawo kwa aliyense ndi limodzi: "Mubwere mawa, mayi, kwangotsala zipi."

Nkhani ya nkhuku ndiye ikukoma. Nkhuku zoyera zimakula m'masabata asanu ndi limodzi, choncho pakati pa Novembala anapiye amagulidwa kuti adzapse pa Khirisimasi. Nzeruyo ndi yabwino, vuto ndi loti imabwerera anthu ambiri tsiku limodzi. Pofika pa 23 Disembala mzere wonse wa nyumba ukugulitsa nkhuku, aliyense akutsatsa kwa mnzake amene nayenso ali nazo m'khola, chakudya chake chikutha, mapeto ake zimapita pa ngongole yodzalipira kumapeto kwa Januwale. Amene anapsapo akuti pezani ogula anapiye asanabwere, ndipo chikole chilandiridwe. Ena m'makwalala asonkherana mbuzi imodzi mabanja anayi, ena thumba la mpunga wa Kilombero kugawana, ndipo akuti pogula pamodzi mtengo umatsika, ubale umakwera.

Kumene sikukumveka kanthu

Mukamvetsera zonsezi mupeza kuti tauni ino nzeru ili nazo. Wa kabaza amadziwa mwezi wogula chimanga, wa saluni amadziwa kuipa kwa katapila, wogulitsa tomato angakuwerengereni masiku a pakati pa malipiro awiri osagwira cholembera. Nkhani ya ndalama ikukambidwa momasuka ndi anthu osadziwana, mokweza, moseka. Malo amodzi okha ndi amene sikukambidwa, m'nyumba.

Alipo abambo amene pabawo amafotokoza bajeti ya dziko lonse, koma akazi awo sanaonepo pepala la malipiro awo. Alipo amayi amene gulu lonse likudziwa masheya awo, koma amuna awo sakudziwa. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Mayi akuopa kuti ndalama ikadziwika ithera kumowa kapena kwa abale akuchimuna. Bambo akuopa kuti ikadziwika ithera ku mayunifolomu kapena kwa abale akuchikazi. Ndiye aliyense amadya Disembala akuganiza kuti mnzake wasunga ya Januwale, ndipo tsiku lotsegulira sukulu onse awiri amayang'anana. Ndewu zambiri za mwezi umenewo sizichokera ku kuchepa kwa ndalama kokha, zimachokera ku kudabwitsana.

Chinanso ndi manyazi. Kuchita manyazi kuuza malume kuti chaka chino thumba likhala limodzi. Kuchita manyazi kuuza komiti ya ukwati kuti ine ndikwanitsa yakutiyakuti basi. Kuchita manyazi kuti ana a anansi adzavala zatsopano. Akale anati manyazi anapha lambe, ndipo m'tauni muno akupha malipiro. Chonsecho mawu oti "sindikwanitsa" akanenedwa mu Okutobala sapweteka, amapatsa wina mpata wofuna njira ina. Amapweteka akanenedwa tsiku lomaliza kwa munthu amene anali kudalira.

Choncho madzulo ena mwezi uno, ana atagona, bambo ndi mayi atenge kope la mwana lotsala masamba. Alembe zonse zimene zilowe mpaka kumapeto kwa Januwale, za malipiro, za geni, za kubanki m'khonde, ndi ngongole zomwe, popanda chobisa. Kenako agawe: ufa, lendi, fizi, madzi ndi magetsi, feteleza wa midzi yonse iwiri, ya zadzidzidzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo Khirisimasi ilembedwe nayo, ndi ndalama yakeyake, chifukwa ana amene adya mgaiwa ndi bonya miyezi yonseyi ayenera tsiku la mpunga, nkhuku ndi Sobo, ndipo makolo awo ayenera kuwaona akusangalala mtima uli m'malo. Banja limene lagwirizana kuti chikondwerero chidya zakutizakuti limadya mosaopa, limaitana ndi mlendo yemwe, chifukwa likudziwa kuti sukulu ikatsegulidwa ana adzapita tsiku loyamba, ndipo alandilodi akagogoda adzakhala akudzapereka moni wa chaka chatsopano.